Pulogalamu ya Braille Isamabwere Buku Lake Litatsalira pa Intaneti

Abale anga oyankhula Chichewa ndi Chinyanja, a ku Malawi, a ku Chipata ndi Lusaka, a ku Tete ndi Niassa, ndi inu a ku Joni, ndabwera ndi mlandu wochokera kuno ku Mashonaland West. Ena mukangomva mutu wake munena kuti imeneyi ndi nkhani ya amisiri a makompyuta, yosayenera pabwalo la chiyankhulo. Pirirani nane pang'ono, chifukwa mbali yaikulu ya mlanduwu ikugwera ife eni chiyankhulo.

Mlanduwo ndi uwu. Ena mwa opanga ndi ogawa mapulogalamu a Braille, zilembo za timadontho zimene anthu osaona amawerenga ndi zala, ali ndi chizolowezi choika pulogalamu pa kompyuta koma buku la malangizo ake n'kulisiya pa intaneti. Ukafuna thandizo, pulogalamuyo imakutumiza ku webusaiti. Ena, amene amadziyesa achifundo, amakusiyira fayilo ya PDF yodzaza ndi zithunzi za sikirini, chilichonse chili ndi muvi wofiira wolozera podina. Onse awiriwa apereka khasu lopanda mpini. Buku la malangizo liyenera kulowa m'kompyuta tsiku lomwelo, mkati mwa fayilo yomweyo imene yabweretsa pulogalamu. Liyenera kukhala la mawu enieni, amene makina angawerenge mokweza kapena kusandutsa timadontho. Zithunzi zikhalemo ndithu, koma chilichonse chiyende ndi mawu ofotokoza zonse zimene chikuonetsa.

Ndikulemba ndili ndi matauni awiri m'maganizo. Kadoma, imene atsamunda ankaitcha Gatooma, ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 140 kuchokera ku Harare pamsewu wa ku Bulawayo, ndipo Chegutu, Hartley wakale, mumayamba mwaidutsa musanafike. Dera lino ndi la golide ndi thonje: mgodi wa Cam and Motor ku Eiffel Flats, wa Dalny ku Chakari, mafakitale a nsalu a David Whitehead. Agogo athu ochokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Tete adabwera kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a kuno, ndipo ambiri adatchona. Adzukulu awo ndi amene mumawamva lero ku Rimuka ndi ku Pfupajena akusakaniza Chishona ndi Chichewa, ndipo gule wamkulu, amene anzathu kuno amamutcha zvigure, akutulukabe m'makomboni. Ku Kadoma komweko kuli sukulu ya ana osaona ya Jairos Jiri, bungwe limene lidayambira ku Bulawayo mu 1950. Ndime 6 ya malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 imatchula ziyankhulo 16 zovomerezeka, ndipo Chichewa ndicho chili poyamba, ngakhale kuti chidatsogola chifukwa cha ndondomeko ya alifabeti basi. Sindikuimba mlandu sukulu iliyonse. Ndikungofuna kuti muone kuti mwana wosaona amene agogo ake amamunyengerera m'Chichewa alipo m'dera lino, ndipo malamulo a dziko akuti chiyankhulo chakecho chilemekezedwe mofanana ndi zina. Nanga ndani adzamusonyeza mmene chimalembedwera pansi pa zala zake?

Kuti mlanduwu umveke, tiyambe ndi mmene makinawa amagwirira ntchito. Louis Braille adasindikiza njira yake mu 1829. Lembo lililonse limakhala m'kabokosi ka timadontho tisanu ndi kamodzi, titatu kumanzere ndi titatu kumanja, ndipo timadonthoti tingasanjidwe m'njira 63 zokha. Zizindikiro 63 sizikwanira dziko lonse, choncho chiyankhulo chilichonse chimagwirizana pachokha kuti chizindikiro chakuti chiziimira chiyani. Kompyuta payokha siidziwa mgwirizano umenewu. Imadalira fayilo ya malamulo imene amisiri amaitcha tebulo, ndipo matebulo ambiri amene dziko likugwiritsa ntchito ali mu pulogalamu yaulere yotchedwa Liblouis, imene adaiyambitsa John Boyer, munthu amene anali wosaona ndiponso wosamva. Liblouis ndiyo imagwira ntchito mkati mwa NVDA, pulogalamu yaulere yowerenga za pa sikirini imene Michael Curran ndi James Teh, Aaustralia awiri osaona, adaiyamba mu 2006. Ndiyonso ili mkati mwa BrailleBlaster, ya bungwe la American Printing House for the Blind.

Tsono imvani nkhani yabwino imene ambiri a ife sitidaimve. Kumapeto kwa 2022, Liblouis idalandira tebulo la Chichewa, ndipo NVDA 2023.1 idatuluka nalo, pamodzi ndi matebulo a Chiswahili cha ku Kenya. Chiyankhulo chathu chili m'kati mwa pulogalamu imene aliyense angaitenge popanda kulipira. Bwalo ngati lino likadayenera kuimba nthungululu. Koma tebulolo lili pa ndandanda wautali wa mayina a Chingerezi, m'chigawo cha Braille cha makonzedwe a pulogalamuyo, ndipo pali malo awiri osiyana oyenera kulisankhira: ena a zimene makina akutulutsa, ena a zimene munthu akulemba. Munthu amene sadauzidwe sangalote. Chuma chimene mwini wake sakudziwa kuti ali nacho chimangofanana ndi chimanga cha m'nkhokwe ya mnansi.

Taonani zimene zimachitika tebulo likalakwika. Braille ya Chingerezi ya giredi yachiwiri imafupikitsa mawu pofuna kusunga pepala: pali chizindikiro chimodzi choimira ch, china cha th, china cha ing, china cha er, china cha and. Mphunzitsi akalemba ndime ya Chichewa n'kuidutsitsa pa tebulo limenelo, makina sadandaula, amangomvera. Liwu loti kuthandiza likhoza kutuluka ngati ku, kenako chizindikiro cha th, kenako cha and, kenako iza. Mpando umasanduka mp, and, o. Ngakhale liwu loti Chingerezi lenilenilo limaduka kukhala ch, ing, er, ezi. Ife amene tidaphunzira za ziyankhulo tikudziwa chimene chawonongeka apa. Maphatikizo a Chichewa amathera pa lembo la liwu: Chi-nge-re-zi, ku-tha-ndi-za, mpa-ndo. Mwana wa kwathu amaphunzira kuwerenga poimba maphatikizo. Tebulo lachilendo limadula liwu pakati pa phatikizo, ngati munthu wodula nzimbe pa mfundo yolakwika, ndipo mwana amene akungoyamba kumene amamva pansi pa chala chake zidutswa za Chingerezi m'kati mwa mawu a agogo ake. Akalephera, anthu amati Braille ndi yovuta, kapena amati mwanayo ndi wogona. Mphunzitsi woona, amene sadazame m'mafupikitso a Chingerezi, akayang'ana pepalalo amangoona timadontho toyera tosanjidwa bwino. Cholakwacho chilibe phokoso. Ndime imodzi ya m'buku la malangizo ikadakwanira kuchiletsa.

Pali nkhani inanso ya kuno kwathu imene anzathu a ku Lilongwe mwina sadakumanepo nayo. Nkhodolero ndi kadontho kamodzi kokha mu Braille, kachitatu, koma m'Chichewa kamanyamula katundu wolemera. Mbale ndi yodyera, m'bale ndi wobadwa naye. Ng'oma ndi yoimba, ngoma ndi nyama ya m'tchire. Tsono mwana wa ku Chegutu amaphunzira kulemba m'Chishona, ndipo m'Chishona n yotsatidwa ndi nkhodolero imaimira liwu limene ife timalilemba ng': iwo amalemba n'anga, ife timalemba sing'anga. M'Chichewa n' yomweyo ndi ndi wofupikitsidwa, monga mu n'zoona kapena n'chifukwa. Timadontho n'timodzimodzi, koma katchulidwe ndi tanthauzo n'zosiyana. Mwana woona amakumana ndi Chichewa cholembedwa apo ndi apo, m'buku la nyimbo la kutchalitchi kapena pa foni ya malume ake, ndipo pang'onopang'ono amazolowera. Mwana wosaona amadziwa kalembedwe kokhako kamene wina wamuikira pansi pa zala. Onjezanipo kuti pa kompyuta pali nkhodolero ziwiri, yowongoka ndi yopindika, zimene maso amaziona ngati chinthu chimodzi koma makina amazisiyanitsa. Onjezaniponso lembo la ŵ, limene mabuku ambiri akale ndi ena a kutchalitchi ali nalo pamene ena adalisiya. N'zoseketsa ndithu kuti w weniweniyo Louis Braille adamuika kunja kwa ndondomeko ya malembo ena chifukwa Chifalansa cha nthawi yake sichinkamufuna kwenikweni, pamene ife sitingathe chiganizo chimodzi popanda iye. Mafunso onsewa ali ndi mayankho, ndipo malo a mayankhowo ndi m'buku limene lili m'kompyuta momwemo.

Wina anena kuti masiku ano zonse zili pa intaneti, ndipo buku la pa webusaiti limakonzedwa nthawi ndi nthawi pamene la m'kompyuta limakalamba. Mfundo imeneyi imamveka bwino kwa munthu amene intaneti yake siidukaduka. Kuno ambiri amagula bandulo ya WhatsApp yokha, imene siitsegula webusaiti. Mu 2019 madzi atachepa ku Kariba, magetsi a ZESA ankazima mpaka maola 18 pa tsiku, ndipo magetsi akazima nthawi yaitali chomwecho netiweki nayo imafooka. Mu Januwale chaka chomwecho boma lidatseka intaneti m'dziko lonse kwa masiku angapo. Laputopu yokhala ndi batire imagwirabe ntchito mumdima, ndipo kwa wosaona mdimawo si vuto konse, koma buku la pa webusaiti limazimira limodzi ndi netiweki. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Ndipo mfundo ya kukalambayo ndiyo ikuwatsutsa eni ake. Webusaiti imafotokoza pulogalamu yatsopano, pamene makompyuta ambiri amene amafika m'sukulu zathu ngati mphatso ndi akale. Kuyambira pa NVDA 2024.1, pulogalamuyi idaleka kugwira ntchito pa Windows 7. Kompyuta yakale yotere iyenera kukhala ndi NVDA ya 2023, imene mwamwayi ili kale ndi tebulo la Chichewa. Mphunzitsi wa pa kompyuta imeneyo akawerenga malangizo a chaka chino pa intaneti, adzafunafuna mabatani amene kwa iye kulibe, ndipo adzayamba kudzikayikira. Buku limene lidabwera ndi pulogalamu limanena za pulogalamu yomweyo, ndipo likakalamba limakalambira nayo limodzi. Pa ichi ndiwayamike opanga NVDA: buku lawo limalowa pamodzi ndi pulogalamu, lili ndi mitu imene munthu angalumphire ndi batani limodzi, ndipo limatseguka popanda intaneti. Umenewu ndi umboni wakuti zimene ndikupemphazi n'zotheka, ndipo zidatheka kale m'manja mwa anthu osaona eni ake. Chimene chikusowa n'chakuti bukulo kulibe m'Chichewa.

Tifike tsopano pa zithunzi za sikirini, pamene ndisiyane ndi mbali zonse ziwiri. Pali ena amene amati pulogalamu ya osaona siifuna zithunzi, zichotsedwe kuti fayilo ipepuke. Ameneŵa aiwala kuti mwana wosaona sakhala pa chilumba. Woika pulogalamu pa kompyuta kawirikawiri amakhala mnyamata woona wa pa shopu ya makompyuta m'tauni. Wosindikiza mayeso amakhala mphunzitsi woona. Wothandiza ntchito ya kunyumba amakhala mayi kapena mlongo. Palinso ana amene amaona pang'ono, monga ambiri mwa ana achialubino, amene chithunzi chachikulu chimawathandiza. Kwa anthu onsewa chithunzi chimodzi chosonyeza pamene pali tebulo la Chichewa chimapulumutsa tsiku lonse. NVDA yomwe ili ndi kazenera kosonyeza timadontho pa sikirini, kuti woona athe kutsatira zimene zala za mnzake zikumva. Kulemera kwa fayilo nakonso n'chonamizira: anthu amene amatumizirana mafilimu pa fulashi asatiuze kuti zithunzi zowerengeka za mabatani zathyola kompyuta msana.

Koma mbali inayo ndiyo yolakwa kwambiri, chifukwa kulakwa kwake n'kwachipongwe. Buku limene malangizo ake onse ali m'chithunzi, pansi pake n'kungolemba kuti dinani pamene pali muvi, lalembedwera aliyense kupatula mwini pulogalamuyo. Pulogalamu yowerenga sikirini ikafika pa chithunzi chopanda mawu imangonena liwu limodzi lotanthauza kuti apa pali chithunzi, n'kupitirira. Wosaona amakhala ngati mlendo pamaliro a kwawo, akudikira kuti wina amunong'oneze zimene zikuchitika. Munthu wamkulu, mwina mphunzitsi wosaona amene amadziwa Braille kuposa tonsefe, amakakamizika kuitana mwana wa giredi faifi kuti amuuze kumene muvi waloza. Iye sagwiritsa ntchito mausi, amagwiritsa ntchito mabatani. Choncho lamulo n'losavuta: mawu atsogole, afotokoze sitepe iliyonse ndi mabatani ake, kenako chithunzi chibwere ngati mboni ya zimene mawu anena kale. Mukachotsa zithunzi zonse, bukulo lisataye langizo ngakhale limodzi. Mukachotsa chithunzi langizo n'kusowa, dziwani kuti buku lanu mwalembera oona okha.

Pamenepa tisaloze chala kutali. Ifenso okonda chiyankhulo timatumizirana miyambi, zining'a ndi maphunziro a galamala atajambulidwa ngati zithunzi zokongola zamaluwa m'mbali, kapena tsamba la buku lojambulidwa ndi foni mopendekeka. M'bale wathu wosaona amene ali ndi foni yoyankhula samva kanthu pa zonsezi. Timadandaula kuti Chichewa chikutha pakati pa ana a matchona, koma tikuchitsekera m'zithunzi.

Ndani tsono alembe buku la malangizo la Chichewa? Amisiri a Liblouis ndi NVDA adachita mbali yawo, ndipo zitseko zawo n'zotsegula: aliyense angamasulire bukulo n'kulipereka kuti liziyenda ndi pulogalamu. Sitingayembekezere munthu wa ku Brisbane kutiuza kusiyana kwa mbale ndi m'bale. Ntchito imeneyi ndi yathu, ndipo ndikunena mosabisa kuti ife ophunzira za ziyankhulo taonongera nthawi yambiri pa mikangano yotchipa. Titha kukangana sabata yathunthu ngati dzina loyenera ndi Chichewa kapena Chinyanja, kapena ngati tilembe chiyankhulo kapena chilankhulo, koma palibe amene amafunsa kuti mkanganowo umamveka bwanji pansi pa chala. Akatswiri alipo. Ku Zomba kuli Centre for Language Studies, imene idatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Ku Nguludi m'boma la Chiradzulu kuli koleji ya Montfort, imene yaphunzitsa aphunzitsi a ana osaona kwa zaka zambiri. Kuli Malawi Union of the Blind, kuli sukulu za Chilanga ku Kasungu ndi Malingunde ku Lilongwe. Ku Magwero, pafupi ndi Chipata, amishoni a Dutch Reformed adayamba kuphunzitsa osaona mu 1905, kutanthauza kuti dera la Achewa lakhala ndi aphunzitsi a osaona kwa zaka zoposa 100. Kuno ku Zimbabwe kuli laibulale ya Braille ya Dorothy Duncan ku Harare, ndiponso bungwe la ziyankhulo la pa Midlands State University ku Gweru, ulendo wa maola ochepa kuchokera ku Kadoma. Nzeru zonse zofunika zilipo, zangomwazikana m'mayiko anayi, ndipo olemba oyamba a bukulo ayenera kukhala owerenga Braille eni ake, ife oona n'kumawathandiza.

Ndikuwonjezera chenjezo limodzi. Tebulo lija lili ndi dzina la dziko la Malawi pambali pake, ndipo sindikudana nazo, chifukwa n'kumene kuli owerenga ambiri. Koma mphunzitsi wa ku Chegutu kapena ku Katete akaona dzinalo akhoza kuganiza kuti si lake, n'kubwerera ku tebulo la Chingerezi limene adalizolowera. Bukulo linene momveka kuti tebuloli ndi la oyankhula Chichewa ndi Chinyanja kulikonse. Lisonyeze lembo lililonse ndi manambala a timadontho take, linene ngati pali mafupikitso kapena ayi, lifotokoze za nkhodolero ndi za ŵ, ndipo likhale ndi tsamba lapadera la mwana amene adayamba ndi Chishona kapena Chipwitikizi. Likhalenso ndi fayilo yokonzeka kusindikizidwa pa makina a Braille, kuti wophunzira akhale nalo pamiyendo kompyuta ili yozimitsa.

Maboma athu adasaina kale mapepala. Pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala, limene Zimbabwe idalowamo mu 2013, limatchula Braille ndi dzina m'ndime 24 yonena za maphunziro. Pangano la Marrakesh, limene Malawi idalowamo mu 2017 ndipo Zimbabwe mu 2019, limalola kuti mabuku okonzedwera osaona aziwoloka malire popanda kutsekerezedwa ndi malamulo a umwini wa zolembalemba. Kutanthauza kuti buku la Chichewa lokonzedwa ku Malawi lingathe kufika ku Kadoma ngati fayilo, mwalamulo. Koma likafika, pafunika munthu wodziwa kulitsegula, kusankha tebulo loyenera ndi kulisindikiza osaliwononga. Pangano limafikitsa fayilo pa khomo la sukulu, ndipo kuchokera pakhomopo kufika pa chala cha mwana ndi ntchito ya buku la malangizo lija limene ena akuliyesa katundu wosafunika.

Inu a mabungwe ndi mipingo amene mumagula makompyuta opereka ku sukulu za osaona, ndi inu a m'makomiti a sukulu amene mumalandira, musasaine pepala lolandirira katundu musanachite mayeso awa. Zimitsani intaneti. Phimbani sikirini ndi nsalu. Khazikani pampando mphunzitsi kapena wophunzira wosaona, amene wabweretsa katunduyo aime pambali manja ali kumbuyo, ndipo mupemphe wokhala pampandoyo kuti atsegule buku la malangizo, apeze tebulo la Chichewa, alembe kuti m'bale wanga watsuka mbale, n'kuwerenga ndi zala zimene zatuluka. Kenako chotsani nsaluyo, mukhazike mayi woona amene sadziwa Braille, muone ngati zithunzi ndi mawu zingamufikitse pa tebulo lomwelo. Mmodzi mwa awiriwa akalephera chifukwa chosowa malangizo, katunduyo sadakwanire, ndipo amene wabwera naye abwerere akatenge chimene watsalitsa.